Mlambala wa boma sugwira madzi

Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, nkhani zochokera ku Mtakataka, ku Golomoti ndi m'chigwa cha Bwanje zimakhala zomwe zija: mtsinje wasefukira, chimanga chakwiririka mumchenga, nyumba zagwa, msewu wa M5 wadyeka m'mbali mwa mlatho. Posakhalitsa a khonsolo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amafika ndi ufa, nyemba, zidebe ndi mapepala ofolera. Palibe angatsutse zimenezo, pakuti munthu amene khoma lamugwera usiku safuna ulangizi, akufuna pogona. Koma galimoto zonsezo zimatsika msewu wa Khwekhwerere kulondola kumene madzi athera. Kumene madziwo anayambira, m'minda ya kachewere ndi chimanga ya ku Bembeke, ku Masasa, ku Mlanda ndi ku Lizulu, sikupita munthu, chifukwa kumeneko kulibe maliro ndipo kulibe choti atolankhani ajambule.

Komatu ngoziyo imabadwira komweko. Tawuni ya Dedza ili m'mwamba mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi sifika ndi mamita 500 omwe. Namikokwe, Nadzipulu ndi Livulezi amatsika mamita pafupifupi 1,000 paulendo waufupi kwambiri. Mvula ya mamilimita 50, yomwe kwathu kuno imatha kugwa masana amodzi, imakhuthula malita 500,000 pa hekitala imodzi, ndiye kuti migolo 2,500 ya malita 200. Madzi amenewo akapeza nthaka yophimbika ndi mizere yopingasa, amaima, nalowa pansi, nkudzatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mu Ogasiti ndi Sepitembala. Akapeza nthaka yambee, amanyamuka tsiku lomwelo, dothi ali nalo kumsana. Choncho kusefukira kwa mu Febuluwale ndi kuphwa kwa zitsime mu Okutobala ndi matenda amodzi. A ku Ntcheu ndi ku Balaka anaziona mu 2018, damu la Mpira litaphwa, mipopi nkuuma.

Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi FAO, bungwe loona za chakudya ndi ulimi, ndi mabungwe ena a United Nations anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala pa chaka. A World Bank mu 1992 anali atapeza matani 20. Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50, kapena tinene matumba oposa 230 pa ekala. Chiwerengerochi ndi cha dziko lonse, madambo ndi mapiri kuphatikiza, ndiye ganizirani munda wopendekeka wa m'mbali mwa phiri. Chonyenga chake n'chakuti dothi lonselo ukaliyala pa hekitala, kuchindikala kwake ndi mamilimita 2 okha. Diso silingaone. Mlimi amangodabwa kuti miyala ikuchuluka m'munda ngati ikumera, ndipo thumba la feteleza lomwe kale linkadzazitsa nkhokwe lero silikufikitsa ndi pakati pomwe.

Sindikhulupirira kuti vuto ndi umbuli. Funsani mayi aliyense wa ku Bembeke kapena kwa Njolomole za akalozera (mizere yoyezedwa yotsogolera inzake kupingasa chitunda), ngonyeka (timizere totseka madzi pakati pa mizere), udzu wa vetiva, maswale (ngalande zopingasa zokolola madzi), kuphimbira ndi mapesi, akuyankhani bwino kuposa mwana wa sukulu ya ulimi. Alangizi aphunzitsa zimenezi kwa zaka zambirimbiri, wayilesi yalankhula, masiku a chionetsero achitika mpaka anthu kutopa ndi kuomba m'manja. Vuto ndi lakuti mlambala, mzere waukulu uja wopingasa chitunda wotchinga madzi, kuyambira tsiku limene unafika kuno, sunakhalepo wa mwini munda. Unali wa mzungu, kenako wa boma, lero ndi wa pulojekiti. Ndipo chinthu cha eni, munthu sachikonza chikagumuka.

Ife a ku Ntcheu ndi Dedza mbiri imeneyi tiyenera kuidziwa kuposa wina aliyense. Lamulo la atsamunda la zachilengedwe la mu 1946 linapatsa boma mphamvu yokakamiza anthu kalimidwe. Bwanamkubwa Geoffrey Colby, yemwe anafika mu 1948, anaumitsa dzanja, makamaka itadutsa njala ya 1949. Anthu analetsedwa kulima pamatutu monga ankachitira makolo, analamulidwa kuunga mizere yopingasa, kukumba migula ndi milambala, kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje, ngakhale tsiku lomalizira kusosa linkachokera ku boma. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena kutsekeredwa, ena kuzuliridwa mbewu. Awa ndiwo malamulo a malimidwe amene agogo athu ankawatchula ndi mkwiyo. Mu 1953, kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kutafika pachimake, Inkosi ya Makhosi Gomani II anauza anthu awo kuti asamvere malamulowa. Boma linawachotsa pampando. Apolisi atapita ku Lizulu kukawagwira, anthu anatchinga, ndipo Inkosi, ali odwala, anawolokera m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi m'busa Michael Scott. Anabwezedwa, namwalira mu 1954.

Za dothi, azunguwo sankanama. Linkakokolokadi. Cholakwa chawo chinali kuganiza kuti nthaka ungaisunge ponyoza mwini wake. Ufulu ukuyandikira, m'madera ambiri kusiya mlambala kuti ukwiririke kunasanduka chizindikiro chakuti munthu wamasuka. Koma taonani chodabwitsa: mizere, yomwe inabwera ndi chikwapu chomwecho, inatsala. Lero palibe mlimi amene amafuna wapolisi kuti aunge mizere, ndipo achinyamata ambiri amayesa kuti ndi ulimi wa makolo. Mzere unatsala chifukwa phindu lake mlimi ankaliona chaka chomwecho, pa phesi lake, m'nkhokwe mwake. Mlambala unafa chifukwa thukuta linali lake koma phindu lalikulu linali la wokhala kumunsi. Phunziro lonse lili pamenepo, ndipo ndikuona kuti takana kuliphunzira.

M'malo mwa chikwapu tinabweretsa envulopu. Masiku ano ntchito zambiri zoteteza nthaka zimabwera kudzera mu mthandizi ndi mapulojekiti. Pali Climate Smart Enhanced Public Works Programme, pali MWASIP, pulojekiti yokonzanso madera osunga madzi, ya ndalama zokwana madola 157 miliyoni zochokera ku World Bank, yomwe Ntcheu ili nawo m'gulu la maboma opindula. Ndalama zimenezi zathandiza mabanja ambiri kugula ufa, ndipo pali malo amene zigwembe zatsekekadi. Koma kalipiridwe kake kali ndi chilema. Timalipira kukumba. Kapitawo amayeza mamita, amalemba masiku, anthu amasaina. Lipoti limanena mamita a maswale amene akumbidwa ndi mbande zimene zabzalidwa. Sindinamvepo msonkhano wa khonsolo wokambirana kuti mwa maswale a zaka zitatu zapitazo, angati akadagwirabe madzi. Chimene chimachitika tonse timachidziwa. Swale ikadzaza mchenga imafunika kukokolola, koma mwini munda amati dikirani abwerenso eni ake. Ena amafika poona kuti kukonza n'kudzipha okha, chifukwa chigwembe chikatsekeka ganyu yatha. Nawonso musawaweruze msanga, tinawaphunzitsa ndife.

Chimodzimodzi mitengo. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala nkutsekedwa pa 15 Epulo, ndipo dziko lino linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Zobzala timaziwerenga ndi ng'oma. Zopulumuka mu Okutobala, mbuzi ndi moto zitadutsa, amawerenga ndani?

Tisanamuloze chala mlimi wa kumtunda, timve kaye mlandu wake, chifukwa ali nawo wogwira mtima.

Wa kachewere amene amaunga mizere yotsika ndi phiri sachita misala. Ku Bembeke ndi ku Tsangano mvula ndi nkhungu zimachuluka, ndipo kachewere sakondwa ndi madzi oima. Madzi akadikha mumzere, kachewereyo amaola, chinyontho chimaitana chiwawu, ndalama ya feteleza ndi mankhwala nkulowa m'madzi. Ukamuuza kuti atseke mizere ndi ngonyeka monga amachitira wa chimanga ku Bwanje, kumene mvula imavuta, amangokuyang'ana. Iye afuna madzi achoke. Ulangizi wanzeru pamalo otere si kutsekereza dontho lililonse, koma kuwatsogolera madziwo kuti atuluke mwaulemu: mizere yopendekeka pang'ono chabe, yothira mu ngalande yomera udzu, yokathera kumtsinje kapena padziwe lokumba. Zimenezi zimafuna mlangizi woima m'mundamo ndi chingwe ndi levulo, osati uthenga umodzi wa dziko lonse wowerengedwa pa wayilesi. Alangizi ndi ochepa, aliyense ali ndi midzi yosawerengeka, ndipo ambiri nthawi yawo imathera pa kalembera wa opindula ndi feteleza wotsika mtengo.

Kenako pali minda ya lendi, nkhani imene sitiikamba mokwanira. Malo ambiri abwino a kachewere, kabichi ndi tomato amalimidwa ndi obwereka, ena ochokera kutawuni, amene amalipira chaka chimodzi. Vetiva amatenga nyengo ziwiri kapena zitatu kuti atseke bwino. Msangu umafuna zaka zambiri usanayambe kudyetsa nthaka. Wobwereka abzalirenji? Akaukonza munda, chaka chamawa mwini wake akweza mtengo kapena kuulanda kuti alime yekha. Ndiye amaufinya, nkusiya makoko. Mwini munda naye analandira kale yake mu Ogasiti, anagulira malata. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero akuluakulu, ndipo onse awiri akutsata mwambi womwewo. M'midzi ina ya chikamwini mumamvekanso mawu ofanana kwa abambo: ndibzale mitengo pamalo poti banja likatha ndinyamula chikwama chokha? Kaya akunena zoona kaya ndi ulesi wovala mwambo, mawuwo alipo, ndipo pulojekiti imene imaitana abambo okha kumaphunziro pamene minda ndi ya amayi imakhala yaphonya khomo.

Nanga amene wamvera zonse, waphimbira munda wake ndi mapesi? Anthu akangokolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo ng'ombe za mnzake zimadya chophimbiracho mpaka mbee. Chotsala anyamata osaka mbewa amachiyatsa. Akakadandaula kwa amfumu, amauzidwa kuti chilimwe munda ulibe mwini. Kwa Angoni ng'ombe ndi ulemu, sindikutsutsa, koma njira imene ng'ombe zimatsikira kudambo tsiku ndi tsiku ndiyo imasanduka chigwembe, ndipo dambo lopondedwa mopitirira limaleka kusunga madzi. Zigwembe zambiri mukazilondola kumene zinayambira simupeza pakati pa munda. Mupeza njira ya anthu, njira ya ngolo, malire a minda iwiri otsika molunjika, kapena kalavati wa msewu amene kontirakitala anangomulozetsa m'munda mwa munthu nkumapita. Madzi saiwala khwawa. Akangopeza polowera chaka chimodzi, chaka chamawa abwera ndi anzawo.

Apa ndiye pagona mfundo imene imandichititsa kukayikira ulangizi wa munda umodziumodzi. Mayi wa pakati pa phiri akhoza kuchita zonse molondola, koma ngati wa kumtunda kwake sanachite kanthu, madzi a mahekitala atatu adzagwera pa mlambala wopangidwira hekitala imodzi. Udzaphulika, ndipo madzi osonkhana otuluka pamalo amodzi amawononga kuposa akanangoyenda chobalalika. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Mayi uja adzaima pa chigwembe chatsopano, anzake akumuseka kuti za alangizi zamupweteka. Chitetezo cha nthaka chimayambira pamwamba pa phiri kutsika, apo ayi chisayambe n'komwe.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba ndi kusintha tsiku lolipira. Gawo lina la ndalama za mthandizi liperekedwe pokumba, pakuti anthu ali ndi njala ndipo nthaka ya mu Sepitembala ndi youma gwa. Koma gawo lalikulu lidikire mvula ithe. Mu Meyi, komiti ya m'mudzi, mlangizi ndi munthu wochokera mudzi wina ayende phiri lonse kuona chimene chaima: vetiva wagwira kapena wauma, swale yakokololedwa kapena yakwiririka, miyala yotchinga m'chigwembe ilipo kapena yapita kukamangira maziko. Chaka chachiwiri ayendenso, alipirenso. Ndipo malipirowo akhale a chitunda chonse, osati a munda umodzi, kuti wa kumunsi akhale ndi chifukwa chokwera kukathandiza nkhalamba ya kumtunda imene ilibe mphamvu zokumba. Si maloto. Akatswiri ofufuza anayesapo njira yofanana ndi imeneyi ku Balaka, Machinga ndi Zomba, kumene mlimi ankalandira kenakake akatsata ulimi wosunga nthaka, ndi kena kowonjezera anansi ake akatsatanso.

Ena amanena kuti tingomangirira feteleza wotsika mtengo ku milambala: wopanda akalozera asalandire. Maganizowa amamveka okoma mu ofesi, koma ine ndikuwakana. Oyamba kugwa adzakhala amasiye, odwala ndi okalamba, amene alibe manja okumbira. Amfumu ndi alangizi adzasanduka apolisi, ziphuphu zidzapeza khomo latsopano, ndipo tidzakhala tabwerera ku 1953 ndi kuponi m'malo mwa chikwapu. Chilango chimene chimagwira kumudzi ndi chimene anthu apangana okha pabwalo. Midzi imene inagwirizana kuti mbuzi zikhale pachingwe kapena ndi m'busa chaka chonse, ndi kuti woyatsa munda wa mnzake alipire nkhuku kapena mbuzi, imasunga mapesi ake popanda galimoto ya boma. Ntchito ya khonsolo ndi kuvomereza malamulo oterewa kuti akhale ndi mano, osati kuwalemba ku boma nkukawawerengera anthu.

Za lendi nazo zili m'manja mwa mafumu. Palibe chovuta kuti nyakwawa anene kuti m'mudzi muno munda wotsetsereka subwerekedwa chaka chimodzi, koma zitatu, pamaso pa mboni, ndipo pangano linene amene asamale akalozera. Wobwereka akadziwa kuti adya za thukuta lake, manyowa adzathira.

Tisiyenso kukakamira chomera chimodzi. Vetiva ndi wabwino zedi, mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena atatu, moto sumupha, ndipo amafoleredwa. Koma alimi ena amadandaula kuti amadya malo osabweza kanthu m'mbale. Amene ali ndi ng'ombe ya mkaka, monga ambiri ku Dedza, adzasamala nsenjere pa mlambala popanda womuuza, chifukwa ndi chakudya cha ng'ombe yake. Nandolo amaswa nthaka yolimba ija imene imapangika pansi pa mizere chifukwa cha khasu lofika malo amodzimodzi chaka ndi chaka, amawonjezera chonde, ndiponso ndi ndiwo ndi ndalama. Pamalo ozizira, mapichesi ndi mapeyala pa mlambala amapatsa mwana wa sukulu chogulitsa pamsewu wa M1. Chimene chinasunga mzere ndicho chidzasunge mlambala: mwini munda aonepo chake.

Ndikudziwa funso limene likubwera. Ndalama zolipira chaka chachiwiri ndi chachitatu zichokera kuti, boma likulephera kugula ndi mankhwala omwe m'zipatala? Yankho ndi lakuti tikulipira kale, koma kumapeto kolakwika. Sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan pa mtsinje wa Namikokwe. Patangopita zaka zochepa madzi osefukira anaiwononga, nkufunikanso ndalama zina zoikonzera. Pambuyo pake panamangidwa damu ndi thandizo la European Union kuti alimi azithirira chilimwe. Damu lililonse lili ndi mdani mmodzi wosagona, ndiye matope ochokera kumtunda. Dothi la ku Ntcheu limene Rivirivi amanyamula limakathera mu Shire, kumene kampani yopanga magetsi ya EGENCO imawononga ndalama chaka ndi chaka kuchotsa matope ndi zinyalala ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Onjezani milatho yomangidwa kawirikawiri, onjezani feteleza amene timagula ndi ndalama zakunja zosowazo nkumuthira pa dothi limene linyamuke mu Januwale. Amene amapindula madzi akatsika oyera, opanga magetsi, ogulitsa madzi, a misewu, ngakhale alimi a mpunga a m'sikimu, ali ndi chifukwa chomveka choperekera kangachepe kwa osunga phiri. Si chifundo, ndi kugula ntchito. Ndipo a misewu asalandire satifiketi yomaliza ntchito ngati madzi a kalavati sanawafikitse pamalo otetezeka.

Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti a kumtunda ndi a kumunsi sakumana. A kwa Kamenyagwaza ndi a kwa Kachindamoto ali m'boma limodzi, amamwa mtsinje umodzi, amakwatirana, amagulitsana kachewere ndi mpunga, koma makomiti awo a chitukuko amakhala padera, aliyense ndi ndondomeko yake yotsata malire a ufumu. Mtsinje sudziwa malire amenewo. Ndikanakonda kuona alimi a ku Mtakataka akukwera kukaona kumene mchenga wa m'minda mwawo umachokera, ndi a ku Bembeke akutsika mu Febuluwale kukaona kumene dothi lawo linakagona. Mtengo wake ndi mafuta a lole imodzi, wochepa kuposa chakudya cha msonkhano umodzi wa kuhotela ku Salima.

Kalendala nayo tiitsate. Akalozera amayezedwa anthu akangokolola, mu Juni ndi Julayi, mizere yatsopano isanaungidwe, pakuti ukachedwa mlimi sangagumule mizere imene waunga kale. Zigwembe zimatchingidwa chilimwe, kuyambira kumutu kwake. Nazale za vetiva ziyenera kukhala m'madimba a m'mudzi momwemo kuti mbewu ipezeke mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka, ibzalidwe mothithikana, masentimita 10 mpaka 15, osati motalikana ngati chimanga. Ndalama za pulojekiti zikafika mu Febuluwale, monga zimachitikira nthawi zambiri, anthu amakumba m'matope pakati pa chimanga chofika m'chiuno, ndipo vetiva wobzalidwa mu Marichi amauma asanagwire. Makhansala a ku Dedza ndi Ntcheu akamakambirana bajeti, afunse mwezi umene ndalama za ntchitozi zidzafike kumudzi, ndipo apemphe mndandanda wa milambala ya zaka zitatu zapitazo imene ikadali chiimire.